Mchere wokwanira pa tsiku ndi wochuluka bwanji, 5 g kapena 2,000 mg?

Nangozo:
Moni nonse. Ndithandizeni, manambala andisokoneza. Pena ndikuwerenga kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, pena akuti 2,000 mg, kwina 2,300 mg, ena mpaka 1,500. Zoona ndi ziti? Komanso akamati "pa tsiku", akunena mchere wothira mumphika wokha kapena ndi wa m'zakudya zogula zomwe?

Bambo Mbewe:
Achemwali, manambala awiri oyambawo ndi chinthu chimodzi, kungoti wina akuwerenga mchere pomwe wina akuwerenga sodiyamu amene ali mumcherewo. Mchere wophikira ndi sodium chloride. Mukauyeza pa sikelo, magawo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse ndi sodiyamu, otsalawo ndi chloride. Choncho galamu imodzi ya mchere imakhala ndi sodiyamu pafupifupi 400 mg, ndipo magalamu 5 amatipatsa 2,000 mg. Awa ndiye malire amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kwa munthu wamkulu: sodiyamu wosafika 2,000 mg, kapena kuti mchere wosafika magalamu 5.

Masamu ake ndi achidule. Mukaona nambala ya sodiyamu ndipo mukufuna kudziwa kuti ndi mchere wochuluka bwanji, chulukitsani ndi 2.5. Mukaona nambala ya mchere, gawani ndi 2.5. Sodiyamu 800 mg ndi mchere wa magalamu 2. Ambiri amagwera pomwepa, amaona 800 mg pa paketi n'kuyerekeza ndi magalamu 5 aja, n'kumati ndi kachinthu kochepa, chonsecho adya kale magawo awiri mwa asanu a tsiku lonse.

Funso lanu lachiwiri: ndi zonse pamodzi. Wa mumphika, wothira pa mbale, wa mu buledi, wa m'zitini, ngakhale umene uli m'zakudya mwachibadwa.

Nabanda:
Ndiwonjezere pa 2,300 ndi 1,500. Manambala amenewa ndi a ku America. Mu 2019 akatswiri a bungwe la asayansi la National Academies anaika 1,500 mg ngati mlingo wokwanira kwa munthu wamkulu, ndi 2,300 mg ngati malire oti amene akupitirira achepetse. American Heart Association, bungwe loona za matenda a mtima, imati 2,300 ndi malire, koma kwa ambiri, makamaka a BP yokwera, chabwino n'kuyandikira 1,500. Ku UK amanena magalamu 6 a mchere, omwe ndi 2,400 mg. Kusiyana kwa 2,000 ndi 2,400 sikofunika kutaya nako tulo, chifukwa anthu ambiri ali kutali ndi manambala onsewa. WHO imawerengera kuti padziko lonse munthu wamkulu amadya pafupifupi 4,310 mg pa tsiku, kuposa kawiri malire aja.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri zimene zimasakanizidwa: chimene thupi limafuna ndi malire oti tisadutse. Kuti mitsempha itumize mauthenga, minofu igwire ntchito ndiponso madzi a m'thupi akhale pa mlingo wake, munthu amene sakutuluka thukuta kwambiri safunika ndi 500 mg yomwe pa tsiku. Ndiye 2,000 mg si chandamale choti muzichithamangira kuti mukwanitse. Ndi mpanda.

Nangozo:
Zikomo nonse awiri, tsopano zayamba kumveka. Koma sikelo ya magalamu ndi ochepa ali nayo kukhitchini. Magalamu 5 amaoneka bwanji ndi maso?

Tiyamike:
Tengani supuni yaing'ono ya tiyi, ya 5 ml, mudzaze mchere wosalala kenako musalaze pamwamba ndi mpeni. Umenewo ndi pafupifupi magalamu 6, sodiyamu 2,300 mg. Ndiye magalamu 5 ndi supuniyo yoperewera pang'ono. Ikakhala yosefukira, ya kaphiri pamwamba, mwadutsa kale patali. Mchere wamibulu ikuluikulu umalemera pang'ono pa supuni yomweyo chifukwa pakati pa mibulu pamakhala mpata, koma galamu ndi galamu, sodiyamu wake ndi wofanana.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti supuni yonseyo si ya mumphika. Dzira limodzi lili ndi sodiyamu pafupifupi 70 mg musanathirepo kanthu. Kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 100 mg. Nyama ndi nsomba zosakonzedwa zilinso nawo wochepa. Chidutswa chimodzi cha buledi wa m'sitolo kawirikawiri chimakhala ndi 100 mpaka 200 mg, ndipo palibe amene amadya chidutswa chimodzi. Mukachotsa zonsezi, mchere wotsala woti muthire nokha pa munthu mmodzi tsiku lonse ndi theka la supuni kapena kuposerapo pang'ono, ndipo apo n'kuti simunadye soseji kapena supu wa m'paketi.

Mphatso:
Pali njira yodziyezera pakhomo yosafuna sikelo. Tsiku limene mwatsegula paketi yatsopano ya mchere, lembani deti pa paketipo. Ikatha, werengani masiku. Kenako gawani kulemera kwa paketi ndi masiku, ndipo yankholo mugawenso ndi chiwerengero cha anthu amene amadya pakhomopo.

Mwachitsanzo paketi ya 500 g yatha m'masiku 14 pa nyumba ya anthu asanu. 500 kugawa ndi 14 ndi pafupifupi 36 g pa tsiku. 36 kugawa ndi 5 ndi magalamu 7 pa munthu. Nyumba imeneyo yadutsa malire ndi mchere wa mumphika wokha, tisanawerengeko buledi, timibulu tokometsera msuzi kapena chakudya cha ku lesitilanti. Kuti anthu asanuwo akhale pa magalamu atatu aliyense, paketi yomweyo iyenera kutha mwezi wathunthu ndi masiku angapo.

Bambo Mbewe:
Njira ya a Mphatso ndi yabwino poyambira, bola tidziwe pamene imanama. Imachulukitsa ngati mchere wina ukupita ndi madzi otaya, monga owiritsira pasta kapena mbatata, kapena ngati mukuugwiritsa ntchito posunga nyama ndi zina. Imachepetsa chifukwa siona zogula. Imaganizanso kuti mwana wa zaka zinayi ndi bambo ake amadya mofanana, zomwe si zoona.

Njira imene ofufuza amaidalira ndi mkodzo wa maola 24, chifukwa pafupifupi magawo 90 pa 100 a sodiyamu amene tadya amatuluka kudzera mu impso. Kachitidwe kake: mkodzo woyamba wa m'mawa mumataya n'kulemba nthawi. Kuyambira pamenepo mkodzo wonse umapita m'chigubu chimene mwapatsidwa, usana ndi usiku, mpaka woyamba wa m'mawa wotsatira, umenewo muthiremo. Zotsatira zimabwera mu mmol, ndipo 1 mmol ya sodiyamu ndi 23 mg. Akalemba 100 mmol ndiye 2,300 mg, akalemba 170 ndiye pafupifupi 3,900 mg. Cholakwika chofala n'kuiwala chigubu kamodzi kapena kawiri, nambala n'kutsika, munthu n'kumadzitama kuti amadya mchere wochepa. Komanso tsiku limodzi silifanana ndi linzake, n'chifukwa chake ofufuza osamala amabwereza kangapo.

Musasokoneze ndi sodiyamu woyezedwa m'magazi. Ameneyo amakhala pakati pa 135 ndi 145 mmol pa lita kaya mumadya mchere wambiri kaya wochepa, chifukwa thupi limamulondera usana ndi usiku. Kupezeka ndi 140 m'magazi sikukuuzani chilichonse za kadyedwe kanu.

Chifundo:
Ine ndili ndi chikayiko, mundikhululukire. Malangizo amenewa akuoneka ngati analembedwera munthu wokhala mu ofesi. Nanga wogwira ntchito yolemetsa padzuwa tsiku lonse, malaya mpaka kuyera ndi mchere wa thukuta? Mukamuuza magalamu 5 simumugwetsa?

Nabanda:
Funso labwino achimwene, ndipo yankho lake si "ayi" wachidule. Thukuta limatulutsadi sodiyamu, pafupifupi galamu imodzi pa lita, ngakhale kuti anthu amasiyana kwambiri, ena theka la pamenepo, ena kuwirikiza. Munthu wotuluka thukuta malita angapo pa tsiku akhoza kutaya sodiyamu woposa 2,000 mg, ndipo malire a anthu wamba sanapangidwire iyeyo. Ngakhale amene anaika 1,500 mg aja ananena kuti ogwira ntchito pa kutentha kwambiri ndi ochita masewera olimba angafunike wochulukirapo.

Koma pali zinthu ziwiri zoziziritsa nkhaniyi. Choyamba, thupi limazolowera. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu akugwira ntchito motentha, homoni yotchedwa aldosterone imachititsa kuti impso ndi tiziwalo totulutsa thukuta tibweze sodiyamu m'thupi, thukuta n'kukhala losawawa kwambiri. Masiku oopsa ndi oyambirira. Chachiwiri, munthu wotereyu amadya chakudya chambiri, ndipo mchere umabwera nacho. Amene akudya kale magalamu 10 safunika kuwonjezera dala. Amene safunika kudzipanikiza mpaka 1,500 mg ndi iyeyu, koma sikuti wapatsidwa chilolezo chomwaza mchere pa mbale iliyonse, makamaka ngati BP yake ndi yokwera.

Za kugwa zija: kuchepa kwa sodiyamu m'magazi, kutsika pansi pa 135, kawirikawiri sikubwera chifukwa chodya chakudya chozizira mchere. Kumabwera munthu akamwa madzi ochuluka mopyola muyeso pamene akutaya thukuta kwa maola ambiri, monga othamanga mtunda wautali, kapena chifukwa cha mankhwala okodzetsa monga hydrochlorothiazide makamaka kwa okalamba, kapena matenda a mtima, chiwindi ndi impso. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kusokonezeka maganizo, zikafika poipa kukomoka. Zimenezo ndi za kuchipatala msanga, osati zothamangira kunyambita mchere.

Kutsegula m'mimba ndi kusanza ndi nkhani ina. Pamenepo malire a tsiku ndi tsiku amayamba aima, munthu amwe ORS. Ya WHO imakhala ndi sodiyamu 75 mmol pa lita, ndipo paketi iyenera kusungunulidwa m'madzi a mlingo wolembedwa pa paketipo. Kuchepetsa madzi kuti "ikhale yamphamvu" n'koopsa, makamaka kwa mwana.

Tiyamike:
Mwina tifotokozenso chifukwa chake tikuvutikira ndi zonsezi. Sodiyamu amakoka madzi. Mukadya wambiri mumamva ludzu, mumamwa, ndipo thupi limasunga madziwo kuti mchere wa m'magazi usawawe. Madzi a m'mitsempha akachuluka, mtima umapopa katundu wolemera ndipo mphamvu ya magazi pa makoma a mitsempha imakwera. Impso zathanzi zimataya wotsalayo, koma kuti zitero kwa anthu ambiri BP imayenera kukwera pang'ono. Zikachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi awiri, mitsempha imauma, minofu ya mtima imakula molakwika, timasefa ta mu impso timawonongeka, ndipo impso zowonongeka zimalepheranso kutaya mchere. Chimodzi chimadyetsa chinzake. Mapeto ake ndi sitiroko, matenda a mtima ndi a impso. WHO imati imfa pafupifupi 1.89 miliyoni pa chaka zimakhudzana ndi kudya sodiyamu wambiri.

Kuchepetsa kumathandiza bwanji? Kafukufuku wambiri akaphatikizidwa amaonetsa kuti kuchotsa magalamu 4 kapena kuposerapo pang'ono a mchere pa tsiku kwa milungu ingapo kumatsitsa nambala yapamwamba ya BP ndi pafupifupi 5 kwa amene ali ndi BP yokwera, ndi pafupifupi 2 kwa amene alibe. Wina anganene kuti ndi zochepa. Kwa munthu mmodzi mwina, koma mankhwala a BP amagwiranso bwino ntchito mchere ukachepa, ndipo pa anthu mamiliyoni kutsika kotereku ndi masitiroko ambirimbiri opewedwa. Anthu samva mchere mofanana: okalamba, odwala shuga, odwala impso ndiponso anthu akuda ambiri BP yawo imasintha kwambiri ndi mchere. Vuto n'lakuti palibe chizindikiro cha pankhope chokuuzani gulu limene muli, ndipo BP yokwera nthawi zambiri siipweteka.

Kupatula BP, mchere wambiri umatulutsa kashiamu wambiri mumkodzo, zomwe zimathandizira timiyala ta mu impso, ndipo zakudya zosungidwa ndi mchere wambiri zimakhudzana ndi khansa ya m'mimba.

Chifundo:
Ndamva. Komabe pali kafukufuku wina waukulu amene anapeza kuti odya sodiyamu wochepa kwambiri amamwaliranso msanga, osati odya wambiri okha. Zimenezo mukuzibisa bwanji?

Bambo Mbewe:
Sitikubisa achimwene, mkangano umenewo ulipodi pakati pa akatswiri. Mukunena za kafukufuku monga PURE, amene anaonetsa ngozi mbali zonse ziwiri. Otsutsa amaloza zinthu ziwiri. Kafukufukuyo sanatolere mkodzo wa maola 24, anatenga mkodzo wa kamodzi m'mawa n'kuwerengera tsiku lonse ndi masamu, ndipo masamuwo amalakwitsa kwambiri kumapeto, kwa odya wochepa ndi odya wochuluka. Chachiwiri, amene amadya mchere wochepa kwambiri nthawi zambiri ndi odwala kale, amene dokotala anawaletsa kapena amene chilakolako cha chakudya chinatha. Ndiye chikuwapha ndi matendawo, osati kusowa kwa mchere. Kafukufuku amene anatolera mkodzo wa maola 24 kangapo amaonetsa ngozi ikukwera limodzi ndi sodiyamu.

Maganizo anga ndi awa: funso loti 1,500 ndi yabwino kuposa 2,300 likhoza kukambidwa mpaka mawa, ndipo ndi lofunika kwa madokotala a odwala mtima wofooka, kumene umboni wa kuchepetsa kwambiri sunakhazikike. Koma mbali zonse za mkanganowu zimagwirizana kuti kupitirira 5,000 mg n'koipa, ndipo munthu amene ali pa 4,000 ndi kuposa akatsika sagwera m'dzenje lililonse. Paja kafukufuku wa INTERSALT wa 1988, amene anayeza anthu oposa 10,000 m'mayiko 32, anapeza anthu a mtundu wa Yanomami a ku Brazil akudya sodiyamu wochepa zedi, ndipo BP yawo sinkakwera ndi ukalamba.

Nangozo:
Apa ndaphunzirapo. Tsopano ndithandizeni pa zolembedwa pa mapaketi. Ena amalemba salt, ena sodium, ena maperesenti. Ndiyang'ane pati?

Mphatso:
Yambani ndi kuona ngati alemba mchere kapena sodiyamu, kenako mugwiritse ntchito 2.5 ya a Mbewe ija. Mukatero funani mzere wa "pa 100 g", chifukwa ndi wokhawo umene umakulolani kuyerekeza mapaketi awiri mwachilungamo. Muyeso wa ku UK ndi wosavuta kuusunga m'mutu: chakudya chokhala ndi mchere woposa 1.5 g pa 100 g, kapena sodiyamu woposa 600 mg, ndi cha mchere wambiri. Cha 0.3 g kapena kutsika ndi cha mchere wochepa. Mapaketi olembedwa mwa chi America amaika peresenti yowerengedwa pa 2,300 mg: 5 peresenti kutsika ndi wochepa, 20 peresenti kukwera ndi wambiri.

Msampha waukulu uli pa mawu oti serving, kutanthauza gawo lodya nthawi imodzi. Wopanga amasankha yekha kagawo kakang'ono. Chitini cha supu chikhoza kulembedwa 700 mg pa gawo, koma pansi timalemba tating'ono tikunena kuti m'chitinimo muli magawo awiri. Mukamwa chonse ndi 1,400 mg. Chimodzimodzi tchipisi ta m'paketi ndi ma noodles ophika mwachangu, amene paketi imodzi ndi kaufa kake kokometsera ikhoza kukufikitsani pafupi ndi malire a tsiku lonse.

Msampha wina ndi mawu oti reduced. Ku America amatanthauza kuti achotsa 25 peresenti poyerekeza ndi chinthu chawo chakale, basi. Soy sauce wamba ali ndi pafupifupi 900 mg pa supuni yaikulu imodzi, ndiye wochepetsedwayo akadali wamchere ndithu. Mawu oti low sodium ndiwo ali ndi nambala yeniyeni, 140 mg kapena kutsika pa gawo.

Pomaliza werengani mndandanda wa zosakaniza. Paliponse pamene pali mawu oti sodium pali sodiyamu: monosodium glutamate, sodium bicarbonate, sodium nitrite wa mu soseji ndi nyama zokonzedwa, sodium benzoate, sodium phosphate. Lilime silingakuthandizeni apa. Buledi, mabisiketi, makeke ndi ma cereal a m'mawa samveka mchere chifukwa shuga ndi ufa zimauphimba.

Nabanda:
Pa mndandanda wa a Mphatso ndionjezere ziwiri zimene zimapulumuka kawirikawiri. Soda wophikira: supuni yaing'ono imodzi ili ndi sodiyamu woposa 1,200 mg, choncho amene amamwa soda pofuna kuziziritsa kutentha kwa pamtima akumwa mchere osadziwa. Ndiyeno mapiritsi osungunula m'madzi, otulutsa thovu aja. Thovulo limachokera ku sodium bicarbonate. Piritsi limodzi la paracetamol wosungunula likhoza kukhala ndi pafupifupi 400 mg, ndipo munthu womwa asanu ndi atatu pa tsiku wadutsa 3,000 mg asanadye kanthu. Wa BP kapena mtima apemphe mapiritsi omeza wamba.

MSG yekha, monosodium glutamate wokometsera chakudya uja, anthu amamuopa mopitirira. Sodiyamu wake ndi pafupifupi 12 peresenti, poyerekeza ndi 40 ya mchere. Akalowa m'malo mwa gawo la mchere, sodiyamu wa mumphika amatsika. Vuto limabwera akathiridwa pamwamba pa mchere wonse uja, kapena akabwera mu timibulu tokometsera msuzi, timene mbali yaikulu ndi mchere womwewo. Kambulu kakalowa mumphika, supuni ya mchere isalowenso.

Kondwani:
Nanga mchere wa m'nyanja ndi wapinki wa Himalaya uja? Amati ndi wachilengedwe, uli ndi michere ina yofunika m'thupi.

Tiyamike:
Ndi sodium chloride yemweyo achimwene, kusiyana kwake ndi mtundu ndi kukula kwa mibulu. Michere inayo ilimodi koma ndi yochepa kwambiri moti kuti mupindule nayo mungafunike kudya mchere wokuvulazani. Choipa china n'chakuti mchere woterewu nthawi zambiri sukhala ndi ayodini. WHO imalangiza kuti mchere wonse wodya ukhale wothira ayodini, chifukwa kusowa kwake kumatupitsa chithokomiro ndiponso kumasokoneza kukula kwa ubongo wa mwana ali m'mimba. Munthu wamkulu amafunika 150 micrograms pa tsiku, mayi woyembekezera 250. Kuchepetsa mchere ndi kupeza ayodini sizilimbana: mugule wa ayodini, muthire wochepa, ndipo muusunge m'chotengera chotseka, pouma, kutali ndi moto, chifukwa chinyezi ndi kutentha zimauluza ayodiniyo pang'onopang'ono.

Bambo Mbewe:
Mchere umene ulidi wosiyana ndi uja amachotsa gawo la sodium chloride n'kuikamo potassium chloride. Umenewu uli ndi umboni wolimba. Kafukufuku wa SSaSS ku China, wofalitsidwa mu 2021, anatsatira anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600 kwa zaka pafupifupi zisanu. Ambiri anali oti anadwalapo sitiroko kapena achikulire a BP yokwera. Theka anapatsidwa mchere wa magawo 75 sodium chloride ndi 25 potassium chloride. Kwa amenewa sitiroko inatsika ndi 14 peresenti, imfa ndi 12 peresenti. Phindu limachokera mbali ziwiri, sodiyamu kutsika ndi potaziyamu kukwera, chifukwa potaziyamu amathandiza impso kutaya sodiyamu. WHO imalangiza potaziyamu wosachepera 3,510 mg pa tsiku, makamaka wochokera ku nyemba, masamba ndi zipatso, ndipo mu 2025 inatulutsa malangizo ovomereza mchere woterewu kwa akuluakulu.

Koma apa mpofunika kutchera khutu. Impso zofooka sizitha kutaya potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, nthawi zina popanda chenjezo. Odwala impso asaugwiritse ntchito. Omwa mankhwala okodzetsa a spironolactone, kapena mankhwala a BP monga enalapril, lisinopril ndi losartan, afunse dokotala kaye ndipo ayezetse magazi. Malangizo a WHO aja sakukhudza ana ndi amayi oyembekezera. Ndipo popeza mphika ndi umodzi pakhomo, ganizirani onse odya mumphikamo, osati wogula yekha.

Nangozo:
Mwatchula ana. Iwo malire awo ndi otani?

Nabanda:
Ndi otsika, chifukwa matupi ndi impso zawo ndi zazing'ono. WHO imangoti kwa ana a zaka 2 mpaka 15 malire a akulu atsitsidwe molingana ndi chakudya chimene amadya. A NHS, oyendetsa zipatala za boma ku UK, anaika manambala osavuta: zaka 1 mpaka 3 osapitirira magalamu 2 a mchere, zaka 4 mpaka 6 magalamu 3, zaka 7 mpaka 10 magalamu 5, kuyambira 11 magalamu 6. Khanda losakwana chaka lisafike galamu imodzi, ndipo limeneli limapeza kale zokwanira mu mkaka wa m'mawere. Chakudya cha khanda chisathiridwe mchere kapena timibulu tokometsera. Ngati akudya za mumphika wa onse, patulani gawo lake musanathire mchere.

Taonani mmene magalamu awiri amathera msanga kwa mwana wa zaka ziwiri: ndi sodiyamu 800 mg basi. Zidutswa ziwiri za buledi, soseji imodzi ndi kapaketi ka tchipisi, tsiku latha dzuwa lisanafike pamutu.

Mphatso:
Pa kachepetsedwe, cholakwika chachikulu n'kusiya mchere tsiku limodzi. Chakudya chimazizira, a pakhomo amadandaula, pakatha masiku atatu botolo la mchere labwerera pa tebulo. Lilime limafuna milungu ingapo kuti lizolowere, ndipo likazolowera chakudya chakale chija chimayamba kuwawa mchere.

Chitani motere. Kwa masiku atatu yezani ndi supuni mchere umene mumathira kale, musasinthe kanthu, kuti mudziwe poyambira. Kenako chotsani pang'ono, monga gawo limodzi mwa magawo khumi, lomwe ambiri salizindikira. Pakatha sabata kapena ziwiri chotsaninso. M'mawa uliwonse ikani mchere wa tsiku lonse m'kambale, ndipo ukatha watha. Kutapa ndi zala m'paketi ndiko kumasocheretsa, chifukwa dzanja silikumbukira kuti latapa kangati.

Thirani kumapeto kwa kuphika mutalawa. Msuzi ukamaphwera mchere umatsala, ndiye chimene chinali bwino pachiyambi chimawawa pamapeto. Chakudya chikamveka chozizira, yesani kaye madontho a mandimu kapena viniga, nthawi zambiri chimene chikusowa ndi kuwawasa. Anyezi wokazinga bwino mpaka kufiira, adyo, jinja, tsabola ndi tomato wopsa bwino zimadzaza mpata umene mchere wasiya. Samalani ndi zokometsera zosakaniza kale za m'mabotolo, zambiri chinthu choyamba pa mndandanda ndi mchere.

Nyemba ndi masamba a m'chitini khetsani madzi ake n'kutsuka pa sefa, sodiyamu amatsika, mu nyemba ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa. Nyama kapena nsomba yosungidwa ndi mchere iviikeni m'madzi, musinthe madziwo kangapo, ndipo pophika musathirenso wina. Ku lesitilanti pemphani kuti sosi abwere pambali.

Chifundo:
Chabwino, mwandigonjetsa pang'ono, ngakhale pa 1,500 ndikadali pomwepo. Funso limodzi lomaliza: alipo amene sayenera kuchepetsa mchere paokha?

Nabanda:
Alipo. Omwa lithium pa matenda a maganizo: sodiyamu akatsika mwadzidzidzi impso zimasunga lithium wambiri, n'kufika pa mlingo wa poizoni, ndiye kwa iwo chofunika ndi mchere wosasinthasintha ndipo kusintha kulikonse adziwe dokotala. Odwala matenda a Addison (kuchepa kwa mahomoni ena monga aldosterone) ndi a cystic fibrosis (matenda obadwa nawo okhudza mapapo) amataya mchere wambiri ndipo amafunika wochulukirapo. Chimodzimodzi amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo n'kumatulutsira chimbudzi m'kathumba ka pamimba, ndi ena amene BP yawo imatsika kwambiri akaimirira mpaka kuchita chizungulire. Mayi woyembekezera atsatire malire a akulu onse, asadzipanikize kupitirira apo pofuna kupewa BP ya pamimba, chifukwa kuchepetsa mchere sikunaonetsedwe kuti kumaiteteza. Ndipo amene ali kale pa mankhwala a BP akayamba kuchepetsa mchere aziyeza BP kawiri kapena katatu pa sabata m'mwezi woyamba, atakhala pansi mphindi zisanu, mkono uli pa tebulo. Ikatsika mpaka kumva chizungulire, apite ndi manambalawo kwa dokotala kuti aonenso mlingo wa mankhwala, asasiye okha.